Awiri pa Kompyuta Imodzi

Bariga, Lagos
16 Okutobala 2022

Okondedwa achemwali anga a Abeke,

Ndikugwada polemba kalatayi monga ndikanagwadira mukanakhala pamaso panga. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana nonse muli bwino ku Ogbomoso, ndiponso kuti bondo la amayi lasiya kuwavuta. Ife kuno tilipo. Ireti wamera mano ena, ndipo akuluma chilichonse chimene wachipeza, ngakhale mwendo wa tebulo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Mukundidziwa, pafoni ndimangoti "ee" ndi "tili bwino", kenako mawu amandithawa. Komanso makoma a nyumba yathu ndi opyapyala ngati khungu la anyezi. Ndikatsokomola, Mama Chidi a chipinda choyandikana nafe amafunsa ngati ndamwa mankhwala. Choncho werengani muli nokha, ndipo amayi musawauze kaye.

Nkhani ndi ya Baba Ireti, mwamuna wanga Dimeji.

Mukudziwa kuti amagwira ntchito pakampani ya a Bankole, ankhoswe athu aja, amene anatsogolera zilazi ndi uchi tsiku lodzandifunsira. Ntchito yawo ndi iyi: gasi wophikira akakuthera, umadina pafoni, keke, kanjinga kamoto ka mawiro atatu kaja, n'kukubweretsera wina pakhomo. Zimene munthu amaona pafoni amakonza ndi anyamata ena. Baba Ireti amakonza zakuseri, zimene siziwoneka, zomwe zimadziwa kuti waitanitsa ndani, walipira ndani, keke ili kuti. Iwo amati ndi khitchini ya kampani.

Pa Khirisimasi yapitayi khitchiniyo inapsa. Gasi mmodzi ankagulitsidwa kwa amayi awiri, ena ndalama zinkachotsedwa kawiri, ndipo anthu anabwera kuofesi kudzatukwana. Baba Ireti anandifotokozera ndikusenda zilazi. Anati pulogalamu yakale inali ngati mphika wa pabwalo umene aliyense wodutsa amathiramo mchere osadziwa kuti mnzake wathira kale. Anati akufuna kuilembanso yonse m'njira ina, m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Haskell. M'njira imeneyo kachigawo kalikonse kamakhala ngati makina ogayira tsabola kumsika: chimene waikamo ndi chimene chimalamula chotuluka, lero ndi mawa chimodzimodzi, ndipo sikakhudza mphika wa wina. Ndinamva theka lake. Koma nkhope yawo inkawala, ndiye ndinangogwedeza mutu.

A Bankole sanafune. Anakangana m'chipinda mwathu muno, akudya amala wanga, nsima ya ufa wa zilazi ija.

"Dimeji, mu Lagos yense muno anthu odziwa Haskell wakoyu sangadzaze keke imodzi."

"Keke imanyamula anayi, Oga, bwana wanga. Akwana."

"Nanga ukagundidwa ndi minibasi ya danfo mawa, ine ndidzafunsa ndani? Mzimu wako?"

"Mzimu wanga udzakulipiritsani mokwera kuposa ine."

Anaseka, a Bankole n'kugonja. Ndipo zinayendadi. Pasaka anadutsa, Sallah wa Asilamu anadutsa, palibe mayi amene anabwera kudzatukwana. Koma mu kampani yonseyo amene ankadziwa mmene zakuserizo zikuyendera anali Baba Ireti okha, ndipo ankanyadira zimenezo. Kompyuta yawo sinkakhudzidwa. Tsiku lina ndinangoisuntha kuti ndipukute tebulo, anandiyang'ana ngati ndaponda Baibulo.

Kenako, mvula ili pakati, dzina latsopano linalowa m'nyumba mwanga. Ozioma. Ozioma wati, Ozioma wapeza, Ozioma ndi wamutu. Ndinafunsa mwaulemu kuti Ozioma ndi ndani. Anati ndi mtsikana wa ku Enugu amene amulemba ntchito, ndipo iwo ndi iyeyo amagwira awiri pa kompyuta imodzi.

"Kompyuta zatha ku kampani?" ndinafunsa.

"Ayi, ndi mmene timagwirira ntchito. Wina amalemba, wina amayang'ana njira. Mutu umodzi susenza denga, Keji."

Mumtima ndinati, mutu umenewu wasenza denga wokha chaka chonse osadandaula, lero khosi lauma liti?

Posakhalitsa anayamba kubwera naye kunyumba Loweruka lililonse, akuti kuofesi sayatsa jenereta Loweruka. Achemwali, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndi wamwano, koma si choncho, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Amavala buluku ndi magalasi, amaseka mokweza ngati ali kwawo, ndipo amandipatsa moni ndi manja awiri. Tsiku loyamba anadya mbale ziwiri za ewedu, ndiwo zanga zamasamba zija.

"Mama Ireti," anatero akunyambita zala, "ewedu wanuyu akhoza kuthetsa ukwati wa munthu."

Baba Ireti anaseka. Ine ndinatenga mbale n'kutuluka. Kodi mlendo amatchula kutha kwa ukwati m'nyumba ya mwini wake popanda chifukwa?

Ankakhala pampando wanga wosokera, mapewa awo atatsala pang'ono kugundana. Ine ndinkakhala pamphasa pafupi ndi chitseko, ndikupinda m'mphepete mwa nsalu za makasitomala, maso pansi, makutu m'mwamba. Chizungu chawo chambiri chinkandidutsa, koma maso safuna sukulu. Ndinaona kuti kompyuta ija, yomwe ine sindiloledwa kuipukuta, inali m'manja mwa Ozioma. Baba Ireti ankakhala atapinda manja pachifuwa, osakhudza ngakhale batani limodzi. Mtsikanayo akasokonezeka n'kuwacheukira, ankati, "Usandiyang'ane ine. Yerekeza kuti ine kulibe. Ungatani?"

"Ndingalire," iye ankatero.

"Ukamaliza kulira?"

"Ndingakutukwane, kenako ndingafufuze kachigawo kamene kabweza yankho lolakwika."

"Eya. Fufuza."

Loweruka lina anatsitsa mawu, koma ndinamva bwinobwino. Anati, "Ichi sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale Oga. Tchera khutu." Singano inandibaya chala, magazi n'kudontha pansalu ya mwini wake. Ine mkazi wawo, wowabalira mwana, sanandiuzepo mawu otero.

Panalinso za mafoni. Masana ena ankabwerera msanga kuchokera kuntchito, n'kumeta ndevu, n'kuvala malaya oyera a kutchalitchi pamwamba, koma m'munsi kabudula wogonera. Ndiye ankati, "Keji, tenga mwana mupite kwa Mama Chidi pang'ono." N'kutseka chitseko. Kudzera pakhoma ndinkawamva akulankhula Chizungu cha m'mphuno, chosiyana ndi cha masiku onse, akuseka kuseka kwaulemu kumene ankaseka kwa bambo athu asanandikwatire. Mama Chidi ankamvanso.

"Mwana wanga," anatero akugwedeza Ireti pamwendo, "mbuzi ndi chilazi sazitsekera m'chipinda chimodzi. Ine sindinanene kanthu. Ndangonena za mbuzi."

Ndinayesa kuwafunsa Baba Ireti, koma nthawi iliyonse mawu ankafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkadzifunsa kuti ndingapikisane bwanji ndi mkazi wa ku yunivesite, ine amene ndinalekezera pulayimale. Ndinaonda. Mpaka ndinakumbukira zimene amayi anandiuza potsazikana, kuti nkhani ikakula kuposa pakamwa pako, ankhoswe alipo. Achemwali, kodi ndinalakwa? Si mwambo wathu umenewo?

Lachitatu lapitalo ndinaphika amala ndi gbegiri, msuzi wa nyemba uja, ndinabereka Ireti, n'kukwera danfo ya ku Yaba. Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya matayala. Nditalowa ndinawaona awiriwo pakona, atandifulatira, mitu pamodzi. Sanandione. Ndinapita molunjika m'kachipinda ka a Bankole, ndinatseka chitseko, n'kugwada.

"Aa, mkazi wathu! Wabweretsa chakudya kapena mlandu?"

"Zonse ziwiri, bambo."

"Ndiye tiyambe ndi mlandu, chakudya chisandiwawe."

Ndinalankhula ndikuyang'ana nsapato zawo. Nditangotchula Ozioma ndi kompyuta imodzi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mkazi wathu, ine ndi amene ndimawalipira kuti azikhala choncho! Ndakhala ndikumupempha mwamuna wakoyo kuti aphunzitse munthu wina, iye n'kumakana ngati ndikumupempha impso. Tsiku limene anabwera yekha kudzati tilembe Ozioma, ndinakapereka chopereka chothokoza kutchalitchi. Dzuka, pita kunyumba, kagone tulo."

Ndikanadzuka pamenepo, zikanathera pomwepo. Koma kuseka kwawo kunandipsetsa mtima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga pakamwa panga panakana kutseka. Ndinati ngati ndi ntchito, bwanji amabwera naye kunyumba Loweruka?

"Loweruka?" anatero a Bankole.

Ndinawauza zonse. Za manja opinda. Za "yerekeza kuti ine kulibe". Za chinsinsi chimene sanauzepo ngakhale Oga. Ndikulankhula ndinaona nsapato zawo zasiya kugwedera.

"Amene amalemba ndani?"

"Ozioma."

"Nthawi zonse? Sasinthana?"

"Sindinaonepo akusinthana."

"Pali chinanso?"

Ndinawauza za malaya oyera ndi kabudula, ndi Chizungu cha m'mphuno. A Bankole anavula magalasi, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Mkazi wathu, dzuka," anatero. "Mwamuna wako alibe chibwenzi. Kwa ine bola akanakhala nacho."

Sindinamve tanthauzo lake.

"Pantchito yathu ino, awiri akakhala pa kompyuta imodzi amasinthana, uyu pang'ono, uyu pang'ono. Koma ukaona mwini chinthu wapinda manja, akukhuthulira mnzake zonse za m'mutu mwake, mpaka za pansi pa mtima, dziwa kuti akumanga katundu. Mafoni amenewo ndi a azungu, akumuyesa kuti amulembe ntchito. Anthu odziwa chilankhulo chakechi amawasaka ndi nyali kunjako. Akupita, mwana wanga. Ndipo ine, chitsiru, ndinapereka chopereka."

Achemwali, ndinabwera kudzalira maliro a nkhuku, n'kupeza kuti yafa ndi ng'ombe. Ndinafuna kuwagwira mwendo a Bankole kuti asatuluke, koma anali atatsegula kale chitseko.

"Dimeji! Tabwera udzatiuze tsiku la ndege yako, tikonzeke kukuperekeza!"

Baba Ireti anatembenuka, anaona a Bankole, kenako anandiona ine kumbuyo kwawo ndi mwana kumsana. Sanakane. Ndinadikira kuti akane, koma anangoyang'ana pansi.

Ozioma ndi amene analankhula. "Ndinakuuza kuti uwauze Oga, mbuzi iwe." Kenako anandiyang'ana ine, n'kuwayang'ananso iwo. "Dikira. Ngakhale mayiwa sunawauze? Chineke, Mulungu wanga! Ine ndimadya ewedu wawo Loweruka lililonse ndikuganiza kuti akudziwa!"

A Bankole sanakalipe. Anangoti, "Ndinakukwatitsa ine, Dimeji. Ndinagona chafufumimba m'fumbi la ku Ogbomoso pamaso pa apongozi ako, nditavala agbada, mkanjo wanga watsopano." N'kubwerera m'kachipinda kawo. Chakudya chija ndinachisiya pomwepo, sindikudziwa amene anadya.

Tinabwerera limodzi pa danfo. Titafika kunyumba, dzuwa likadali pamutu, anayamba ndi iwo.

"Wandiyalutsa, Keji. Ukanandifunsa ine."



Anati ntchitoyo ndi ya ku Jeremani, ndipo amulonjeza kale. Anati malipiro a mwezi umodzi kumeneko ndi a chaka chonse kuno. Anati sanafune kusiya a Bankole pamavuto, n'chifukwa chake anaphunzitsa Ozioma mobisa, kuti tsiku lowauza lidzafike zonse zili m'malo mwake. Anati amafuna kundiuza zinthu zikapsa. Kenako ananena mawu amene ndinkawaopa.

"Ine nditsogola kaye. Ndikakhazikika, ndidzakuitanitsani."

Achemwali, pabwalo pathu pano akazi a amuna otsogola kaye alipo. Mwamuna wa Mama Chidi anatsogola kaye Chidi akukwawa. Lero Chidi ali kusekondale, ndipo bambo ake amawadziwira pachithunzi.

Mawu anafika pakhosi monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sanabwerere. Ndinati, "Baba Ireti, miyezi yonseyi mwakhala mukuphunzitsa munthu kuti makina a gasi asadzavutike inu mukachoka. Munawaganizira makinawo, munawapezera wowalera. Nanga ine ndi Ireti mwatisiyira ndani? Ine munandifunsapo kuti ndiyerekeze kuti inu kulibe?"

Anati, "Si zophweka. Akuti mkazi amayenera kulemba mayeso a chilankhulo chawo asanapite, ndipo iwe..."

Analekezera pomwepo. Koma "ndipo iwe" ameneyo ndinamumva yense, mpaka mbali imene sanainene. Ndinatenga ndowa n'kupita kukatunga madzi, ngakhale mgolo unali wodzaza.

Lachisanu masana, iwo ali kuntchito, kunabwera Ozioma yekha, atanyamula buledi wa Agege. Ndinamulandira chifukwa mlendo sabwezedwa pakhomo. Anakhala pamphasa, osati pampando uja.

"Mama Ireti, munkaganiza kuti ine ndikufuna mwamuna wanu? Ameneyu, wovala sokosi zosiyana?"

Ndinachita manyazi, koma ndinaseka pang'ono. Ndinamufunsa za mayeso aja.

"Msuweni wanga anapita ndi mkazi wake tsiku limodzi, pantchito ngati yomweyi, ndipo mkaziyo sanalembe kanthu. Mwina zinasintha, ine sindikudziwa. Koma mwina mwamuna wanu sanafunse n'komwe. Mufunseni ngati anafunsa."

Atapita ndinakhala ndikuganiza. Kodi wabwera chifukwa chondimvera chisoni, kapena akufuna kuti ine ndiwagwire mwendo Baba Ireti, asamusiyire yekha makina amene sanawadziwe bwino? Kapena anatumidwa ndi a Bankole? Mukuona mmene ndakhalira, achemwali. Munthu akandipatsa buledi ndimayamba ndamununkhiza.

Komabe ndinawafunsa madzulo ake kuti, "Munafunsa?" Anati, "Ndifunsa." Ndiye kuti sanafunse.

Tsiku lomwelo anabwera ndi jekete lalikulu lakuda, la kaunjika wa m'mbali mwa njanji ku Yaba, kumene amagula onse opita kumayiko ozizira. Analipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, mwina poganiza kuti popeza chinsinsi chaululika palibenso chobisa. Linali limodzi. Ndinkati ndikatseka chitseko, lili pomwepo ngati munthu wayima chondifulatira.

Dzulo m'mawa ndinabereka Ireti n'kupita kunjanji komweko. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anti, Canada kapena London?"

"Jeremani," ndinatero. Kanali koyamba kulitchula dzinalo ndi pakamwa panga.

"Aa, kumeneko kuzizira kwake kumaluma ngati galu. Tengani ili la ubweya m'kati."

Ndinagula kajekete kofiira ka Ireti. Ndinakhomera msomali wina pambali pa uja, n'kukapachika. Baba Ireti atalowa anatseka chitseko, anakaona, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatulukanso osadya.

Anabwerera dzuwa likupendeka ndi jumbo m'manja. Anandipatsa osandiyang'ana m'maso. Munali jekete lachikazi, lobiriwira.

"Ndawalembera," anatero. "Ndawauza kuti tili atatu, ndipo ngati sizitheka atatu, afune wina. Ayankha sabata ino."

Ndinalivala. Manja ake ndi aatali, amaphimba zala zanga zonse, chifukwa mwamuna ameneyu sadziwa ngakhale msinkhu wa mkazi wake. Anati, "Ungowafupikitsa, si ndiwe telala?" Ndinati ndidzawafupikitsa.

Koma sindinawafupikitse, achemwali. Jekete lodulidwa salibweza kwa wogulitsa. Zimene anawalembera azunguwo ine sindinazione, ndipo ndikanaziona sindikanatha kuziwerenga zonse. Mwina analembadi. Maso awo anali ofiira pamene ankanena, ndipo lero kutchalitchi ananyamula Ireti okha mapemphero onse, chinthu chimene sachita. Ndikufuna kuwakhulupirira. Koma lumo ndaliika m'kabati kufikira nditaona tikiti yolembedwa dzina langa.

Ndawauza kuti akapita okha, ine sindidzakhala pabwalo pano kumawerenga zaka pamodzi ndi Mama Chidi. Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Munanena kuti mukufuna kuika munthu wa lendi m'chipinda changa chakale chija. Chonde dikirani kaye. Alamu akafunsa chifukwa, muwauze kuti denga likudontha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Dotun ndi kwa Sewa, muwauze kuti mng'ono wawo Ireti ali ndi chovala chofiira chimene sanachionepo. Amayi muwagwadire m'malo mwanga. Muwauze kuti tili bwino, mwamuna wanga akundisamala, ndipo mwina ndiwaona posachedwa. Akasangalala ndi mawu amenewo, asiyeni asangalale. Inu nokha ndi amene mukudziwa kuti kubwera kwanga kungakhale kwa mitundu iwiri, kodzatsazika kapena kodzakhala. Mundipempherere kuti ndidzabwere ndi chikwama chaching'ono.

Ine mng'ono wanu wokukondani,
Morenikeji